Madiresi Opanda Matumba

Mayi Telala ankasoka m'kachipinda ka kuseri kwa msika, pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa makala. Anayamba kupalasa makina ali mtsikana, anakwatiwa, anaika mwamuna m'manda, makina ali omwewo. Mwana sanabereke. Chimene Mulungu anawapatsa ndi diso. Munthu akangoponda pakhomo, iwo anali atamuyeza kale, tepi inkangokhala ya ulemu. Nkhope ankaziiwala, mayina ankawasokoneza mochititsa manyazi, koma chiuno cha munthu, mapewa ake, kutalika kwa msana wake, izo zokha ankapita nazo kukagona.

Kaunjika atadzaza msika, ntchito inauma. Anthu ankangobwera ndi zipi yoduka ndi thalauza long'ambika pamatako. Ndi nthawi imeneyo pamene kunabwera Madamu, mayi wonunkhira, wa zibangili, woyankhula motsitsa mawu ngati ali m'chipatala. Ankapezera atsikana ntchito za m'nyumba kunja kwa dziko, ndipo ankafuna mayunifomu: madiresi otuwa, kolala yoyera, mabatani kumsana.

"Koma matumba ayi, mayi," anatero Madamu.

"Aa, nanga foni aziika pati? Ngakhale kampango kopukutira thukuta?"

"Mabwana akumeneko sakonda matumba."

Mayi Telala anaseka, n'kunena kuti nsalu yapulumuka. Atsikana anayamba kubwera kudzayezedwa, akugwedezana ndi zigongono, akufunsana ngati mu ndege muli chimbudzi. Makina analiranso tsiku lonse, ndipo mayiwo ananenepako masaya.

Achemwali aakulu a Mayi Telala, ogulitsa tomato mumsika momwemo, anali ndi mwana wamkazi amene aliyense ankamutcha Mpira, chifukwa anabadwa wozungulira ndipo anakula osasintha. Mpira anakulira m'kachipinda kameneka, akutola tinsalu pansi. Kusoka pamanja anamuphunzitsa ndi mayi ake aang'onowa, ndipo poti anali wamanzere, misoko yake inkapendekera kumene ya anthu ena sipendekera. Atamaliza sukulu n'kumangokhala, Mayi Telala ndi amene anamunenerera kwa Madamu. Palibe anawatuma. Anachita ndi mtima wabwino, ndipo anadzitama nazo msika wonse.

"Iwe ndiye undithera nsalu," anamuseka pomuyeza.

"Musiyeko malo, amayi aang'ono, kumeneko ndikukadya nyama."

Anasiyadi malo. Inali diresi lalikulu kuposa onse amene anasokera Madamu.

Atapita kunja kuja, Mpira anaimba foni kangapo, nambala yachilendo, mawu othamanga: ndili bwino, pasipoti akusunga abwana, ndidula kaye. Kenako zii. Masana aliwonse achemwali aja ankasiya tomato m'manja mwa mnzawo, n'kudzaima pakhomo.

"Pali nkhani, mng'ono wanga?"

"Madamu akuti watanganidwa. Akuti ndi mmene zimakhalira poyamba."

Mvula inagwa, inaleka, inagwanso, yankho lili lomwelo.

Tsiku lina Madamu anabwera ndi chikwama chachikulu, osati cha nsalu yatsopano koma cha madiresi otuwa aja, ovalidwa kale.

"Nsalu yakwera mtengo. Muzingokonza awa, ena avale."

"Eni ake ali kuti?"

"Anawapatsa zovala zina."

Chikwamacho chinatulutsa fungo la mankhwala okolopera ndi la chipinda chosatsegulidwa mawindo. Mayi Telala anatulutsa madiresi limodzilimodzi, ndipo lililonse analidziwa. Ili linali la mtsikana wa msana wautali. Ili la uja wa phewa lotsika, amene ankaseka atatseka pakamwa. Anawapachika pa waya m'mbali mwa khoma, ndipo kachipinda kanadzaza atsikana opanda mitu. Pamaondo nsalu inali itaperepeseka, m'khwapa itayera ndi thukuta, koma kumbuyo, pokhalira, inali yatsopano ngati yangochoka pamakina. M'madiresi amenewa munalibe amene anakhalapo pansi.

Wometa tsitsi, amene ankakonda kudzacheza akasowa makasitomala, anasuzumira kamodzi n'kusiya kubwera. Mayi Telala nawo anatembenuza makina kuti asamapereke msana ku wayayo. Nthawi zina akaleka kupalasa, ankamva mahang'ala akugundana pang'onopang'ono, chitseko chili chotseka. Mantha anali nawo, koma ankakonzabe, ndipo atsikana atsopano ankavala n'kumadziyang'ana pagalasi. Chikwama chilichonse chikabwera, ankayamba afufuza diresi lalikulu lija. Akalipeza palibe, ankapuma, n'kudya bwino tsiku limenelo.

M'mawa wina m'chikwama munatuluka kadiresi kakang'ono, kothina ngati ka mwana wa pulayimale.

"Ili si langa," anatero Mayi Telala. "Sindinasokepo laling'ono chonchi."

"Ndi lanu lomwe. Ingolichapani, mulisite. Mawa ndibwera ndi kamtsikana koonda, likamukwana." Madamu anatuluka zibangili zikulira.

Diresilo linkalemera kuposa msinkhu wake. Mayi Telala analitembenuza kunja kukhala mkati, ndipo anaona chifukwa chake: nsalu yambiri inali itapindidwira m'mbali. Kumapeto kwenikweni kunali msoko wa makina awo, wowongoka. Mkati mwake munali msoko wina, wapamanja, waukhondo, wa ulusi wakuda, wopendekera kumanzere. Mkati mwa umenewo munalinso wina, wa ulusi wosolola ku thawulo. Kenako wina. Mwini diresi ankati akaonda, n'kulichepetsa, akaondanso, n'kulichepetsanso, poti mwana ameneyu anaphunzitsidwa m'chipinda chino kuti chovala cholendewera n'chamanyazi. Misoko inkanka niipiraipira, yotalikirana, yokhotakhota ngati ya munthu wosoka mumdima kapena wonjenjemera manja. Womaliza unafika pakati pa nthiti n'kulekera pomwepo, ulusi uli lende, wosamanga mfundo.

Anagwira chiuno cha diresilo ndi manja awiri. Zala zinatsala pang'ono kukumana. Anakhala choncho osadziwa kuti dzuwa lafika pamutu.

"Odi kuno!"

Anali achemwali, manja akununkha masamba a tomato. Lero sanaime pakhomo, analowa n'kutsamira tebulo, atatopa.

"Pali nkhani, mng'ono wanga?"

Diresi lija linali likadali pamiyendo pa Mayi Telala. Achemwali analiona, analinyamula, n'kulitambasula m'mwamba pogwira m'mapewa. Anapukusa mutu.

"Koma anthu alibe chisoni. Kamwana kotere n'kukatumiza kukagwira ntchito kunja? Mayi wake anavomera bwanji? Bola wanga uja ali ndi thupi, akhoza kupirira." Analiyang'ananso. "Ndi la mwana wa ndani?"

Mayi Telala anadzuka, anachotsa nsalu zimene zinali pampando wa makasitomala, n'kuukokera pafupi.

"Achemwali," anatero, "khalani pansi."