Lamba wa Chigayo cha Dizilo

Anandilanda mphindi zisanu ndi zitatu za nyimbo yanga. Anadula ndi mwini situdiyo wa pa Nsaru, ndipo msuweni wanga, woimba gitala m'gulu lathu, anavomereza ine kulibe. Nyimboyo inali ya mphindi khumi ndi ziwiri. Imene anthu anamva pa wailesi inali ya zinayi. Pakati ponse, pamene panali ng'oma zanga, anapeta ngati madeya.

Sukulu ndinasiyira Fomu 2. Musandifunse zambiri. Fodya wa bambo sanagulidwe bwino ku okushoni, fizi inasowa, basi. Anzanga ankadutsa pamsewu atavala yunifolomu, ine ndili pa chigayo cha dizilo cha kufupi ndi Msundwe, nditayera mbuu mpaka m'zikope, ndikuthira chimanga cha anthu. Mwini chigayo anali mkulu wina wogontha khutu limodzi, wodana ndi kugula chinthu chatsopano. Lamba wa injini ataduka sanagule wina. Anamulumikiza ndi waya ndi chidutswa cha tayala. Kuyambira pamenepo chigayo chinasiya kulira mowongoka. Chinkagunda kanayi, kenako mfundo ya waya ija ikamadutsa, katatu mofulumira: gu-gu-gu-gu, ta-ka-ta. Tsiku lonse. Poyamba ndinkafuna kuchiphwanya ndi nyundo. Kenako ndinayamba kuomba nawo pa ndowa za anthu, amayi a pamzere n'kumandikalipira kuti ndiwaboolera ndowa.

Nyimbo anabweretsa ndi msuweni wanga uja, mwana wa amalume. Iye sukulu anamaliza, ndipo ankaimba gitala m'kwaya ya ku parishi. Tsiku lina anakaikitsa nyimbo m'foni pa kashopu kena ku Namitete. Mwini kashopu, pofuna kudzaza khadi la m'foni, anangothiramo chilichonse chimene chinali mu kompyuta. M'kati mwa zimenezo munali nyimbo zakunja zolembedwa kuti progressive metal.

"Tamva izi, mbuzi ya ufa iwe," anatero msuweni, akundiika foni kukhutu kuseri kwa chigayo.

Magitala ankalira ngati wowotcherera akudula chitsulo. Nyimbo imodzi inkatalika kuposa ulaliki wa akatekisi. Ukati yatha, inkakhotera kwina, n'kuzizira, n'kupsanso. Koma chimene chinandiimitsa mutu ndi woimba ng'oma. Ankagunda kanayi, kenako katatu.

"Ameneyu amagwira ntchito pa chigayo," ndinatero.

"Mzunguyu? Chigayo anachionapo ameneyu?"

"Nanga lamba wathu wamudziwira kuti?"

Msuweni anaseka mpaka kutsamira khoma. Anati metal ndi chitsulo, choncho nyimbozo tinazitcha zachitsulo. Sabata isanathe tinali titagwirizana kuti tiyambitse gulu.

Ng'oma ndinapanga ndekha. Yaikulu inali ya mgolo ndi chikopa cha ng'ombe, yoponda ndi phazi. Zing'onozing'ono zinali za zitini ndi zikopa za mbuzi, ndipo pamwamba ndinakoleka zitsekerero za mabotolo pa waya. Msuweni ankabwereka gitala wa parishi n'kumulumikiza ku sipika yong'ambika ya wailesi yakale, ndipo kung'ambikako n'kumene kunkatulutsa mawu aukali amene tinkafuna. Wachitatu anali mwana wa akatekisi, woimba kibodi m'kwaya. Anali wamkulu kwa ife tonse awiri, tinkangoti asisi. Dzanja lamanzere ankaimba bezi, lamanja china chilichonse, pakamwa n'kumaimbanso mawu. Zachibwana sankazifuna.

"Mukayamba zokuwa ngati nkhumba yophedwa, ine ndanyamula kibodi," anatiuziratu tsiku loyamba.

Chimbale chathu choyamba tinajambulira m'chigafa cha bambo, fodya atatha. Foni tinaipachika pa mtengo woyanikira fodya. Munali nyimbo zitatu, ndipo m'nyimbo yachiwiri tambala amalira pakati penipeni. Tinachitcha "Chigafa" chifukwa palibe amene anali ndi mphamvu zoganiza dzina lina. Tinakachisiya pa kashopu ka ku Namitete kuti azithira m'mafoni a anthu. Ambiri ankafufuta. Ena anati n'zausatana, nkhani n'kufika ku parishi. Bambo mfumu anatiitana, anamvetsera nyimbo zonse zitatu, kenako anafunsa asisi kuti mawu akunena chiyani.

"Za mvula yochedwa, abambo."

"Ndiye mvula ikamva zimenezi siithawiratu?" anatero. "Chabwino. Gitala azibwera Loweruka lililonse, nsambo zonse zilipo."

Chimbale chachiwiri ndicho chinali changa. Nyimbo yake yaikulu ndinaiganiza ndili pa ntchito, ndipo tinaitcha "Lamba". Inkayamba ndi gitala ndi mawu a asisi, ngati nyimbo ina iliyonse. Kenako zonse zinkakhala chete, n'kutsala injini yokha ya chigayo, yeniyeniyo. Ng'oma zanga zinkalowa pang'onopang'ono, kuitsatira, kulimbana nayo, kuisiya, kuipezanso. Gitala ndi kibodi ankabwera pambuyo. Ine ndilibe satifiketi yopachika pakhoma. Chimene ndinali nacho ndi chimenecho.

Tinagwira maganyu okumba mtedza mpaka tinakwanitsa kupita ku situdiyo. Mwini wake aliyense amangomutcha a Injiniya. Amajambula makwaya, ndipo Loweruka amabwereketsa masipika m'maukwati. Sindinganame, munthuyo anatigwirira ntchito. Anakwera njinga yamoto ya kabaza ndi kompyuta yake m'chikwama, kubwera mpaka pa chigayo kudzajambula injini. Anadzola ufa ngati ine. M'zimene anajambulazo munkamveka ngakhale mayi wina akukuwa kuti mgaiwa wake usasakanikirane ndi wa mnzake.

Patapita milungu ingapo msuweni anabwera akuthamanga kuti wailesi ya m'dera lathu iimba "Lamba" Lachisanu masana. Ndinauza aliyense. Mwini chigayo anazimitsa injini anthu ali pamzere, chinthu chimene sanachitepo ngakhale pa maliro. Bambo anga anasiya dimba n'kubwera kudzakhala pa thumba la chimanga. Wailesi tinaiika pa sikelo.

Gitala analira. Asisi anaimba. Ine ndinakweza dzanja kuti anthu akhale chete, injini ikubwera. Sinabwere. Nyimbo inalumpha n'kugwera kumapeto, woulutsa n'kuyamba kupereka moni kwa anthu a ku Kasiya.

Bambo anadikira pang'ono, kenako anafunsa, "Ndiye iweyo uli pati?"

Mwini chigayo analiza injini, ine n'kunyamula ndowa.

Msuweni ndinam'peza madzulo ake akukonza njinga.

"Wailesi siimba nyimbo yotalika choncho, msuweni," anatero osandiyang'ana. "A Injiniya anati tidule kapena tiiwale."

"Bwanji sunadule gitala wako?"

"Anthu amavina gitala. Injini angavine ndani?"

"Bwanji sunandiuze?"

"Ukanavomera?"

Sindikanavomera, koma zimenezo ndi zanga. Ndinapita ku Nsaru. A Injiniya anati, "Achimwene, musapse mtima. Zonse zilipo mu kompyuta, sindinafufute kanthu. Mubwere ndi khadi." Nditabwera ndi khadi, kompyuta inali itafa, ataitumiza kwa wokonza wina m'tauni. Ng'oma zanga ndinaziponya m'khola la mbuzi. Gulu ndinalisiya.

Chaka chimenecho magetsi anafika pa chigayo. Mwini wake anagula mota, injini ya dizilo n'kugulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Lamba uja ana anadula n'kupangira malegeni ndi zidendene za nsapato. Mota yatsopano imangolira mzere umodzi, vuuu, ngati ntchentche m'botolo. Ndiye kuti injini ija, pa dziko lonse lapansi, inatsala malo amodzi okha: m'mphindi zanga zija, mu kompyuta yakufa.

Ndinakhala dzinja lonse osalankhula ndi msuweni. Pa maliro tinkakhala mbali zosiyana. Amalume ankati ndi chibwana. Mwina chinali, koma sindinkafuna kumva.

Anathetsa zimenezi ndi asisi. Anabwera pa chigayo ndi thumba la chimanga, anaima pamzere ngati aliyense, ndipo itafika nthawi yawo anati, "Ndikukwatiwa mwezi wa mawa, cha ku Kabudula. Pa perekani-perekani mukaimba 'Lamba'. Yense."

"Injini kulibe, asisi."

"Manja uli nawo?"

"Msuweni anati anthu sangavine."

"Msuweni wako ndakambirana naye kale, ali ndi manyazi ngati galu wakuba mazira. Ukwati ndi wanga. Akakana kuvina, akhale pansi. Gaya chimangacho, ndikuchedwa."

Ndinatulutsa ng'oma m'khola. Mbuzi zinali zitadya chikopa chimodzi. Pa kuyeserera koyamba msuweni anangoti, "Wabwera, mbuzi ya ufa?" Ine ndinati, "Chuna gitalayo, akulira ngati mwana wa chimfine." Kupepesana kwathu kunathera pamenepo.

Amene sanafikepo pa ukwati wa kwathu adziwe kuti perekani-perekani ndiye mtima wa tsikulo. Akwati amaima kutsogolo ndi lichero, wotsogolera mwambo amaitana anthu gulu ndi gulu, ndipo aliyense amabwera akuvina, akuponya kangachepe. Nyimbo ikatha msanga, mzere umaduka, anthu amakhala pansi, wotsogolera n'kuyambiranso kuwanyengerera. Masipika a tsiku limenelo anali a a Injiniya. Anatilumikizira mawaya ndi iwo.

Dzuwa litapendeka pang'ono, mkwatibwi anasiyira mwamuna wake lichero, anakwinya diresi loyera lija, n'kukakhala pa kibodi. Akuchimuna anayang'anana. Tinayamba. Chigawo choyamba anthu anachidziwa cha pa wailesi, ndipo akuchikazi anadzuka akuvina bwinobwino. Kenako gitala anakhala chete. Asisi anachotsa manja. Kunatsala ine ndekha.

Gu-gu-gu-gu, ta-ka-ta.

Mzere unasokonekera. Bambo wina wa jekete anaponda phazi pamene panalibe kanthu, n'kutsala pang'ono kugwa. Wotsogolera mwambo anandikodola kuti ndidule. Ndinayang'ana pansi n'kupitiriza. Ndinkadziwa kuti anthu akakhala pansi, msuweni ndiye kuti ankanena zoona, ndipo ndawononga ukwati wa munthu.

Kenako mayi wina wa m'mudzi mwathu anakuwa kumbuyo, "Iii, anthu inu! Si chigayo chathu chija ichi?"

"Ndi chomwecho!" anayankha wina. "Cha agonthi chija!"

Nthungululu zinalira. Amayi a kwathu anadzuka onse. Amenewo anaima pamzere wa injini imeneyo zaka ndi zaka, akugwedeza ana kumbuyo motsatira kulira kwake, ndipo miyendo yawo inkadziwa pamene mfundo imadutsa. Anabwera akutsimphina dala pa katatu paja, wina akuyerekeza kusenza ndowa, wina akudzikuntha ufa pa chitenje. Akuchimuna anaonerera pang'ono, n'kulowa nawo. Wotsogolera mwambo sanali wopusa. Nyimbo ikakhota, iye ankaitana gulu lina: "A kwaya, ndi yanu iyi! Alamu ake a mkwati, musabisale!" Mzere sunaduke mpaka kumapeto.

Bambo anga savina. Tsiku limenelo anadzuka, anayenda mowongoka kudutsa lichero, anafika pa ng'oma zanga, n'kundiika kandalama m'thumba la malaya ndikuombabe.

"Ndakuona," anatero, n'kubwerera kukakhala.

Mlongo wake wa mkwati anajambula zonsezo pa foni, ndipo chimenecho ndicho chimbale chathu chachitatu, "Perekani". Mawu ake ndi oipa. Nthungululu zimaphimba gitala, ndipo wotsogolera mwambo amalengeza za njinga yoimikidwa pakhomo. Koma pa kashopu ka ku Namitete anthu amachita kuchipempha. Otsogolera miyambo anauzana kuti kuli anyamata a nyimbo zosatha msanga, ndipo chilimwe chathachi taimba maukwati ku Mpingu, ku Nambuma ndi kwina. Ena amatitchabe a zausatana. Amavina ali chitchulire. Asisi amabwera ndi mwana kumbuyo, mwamuna wawo atanyamula kibodi pa njinga. Ine chigayo sindinasiye, koma ndagula ng'oma imodzi yeniyeni, yakale, ndipo tikupanga chimbale chachinayi. Muli nyimbo yotengera kulira kwa ngolo ya gudumu lopindika. Msuweni akuti ndi yaitali kwambiri. Ndamuuza kuti akaigwira ndimudula zala.

Tsiku la ukwati lija, tikumasula mawaya, a Injiniya anandiyandikira.

"Mwaimba, achimwene," anatero. "Koma pa wailesi ndikanadulabe."

"Dulani za wailesi. Zanga mundipatse."

"Wokonza uja akuti zam'kati sizinapse. Akungodikira kachipangizo kena. Zikatuluka, muyamba kumva ndinu."

Ndimawakhulupirira pang'ono. Ndikadutsa pa Nsaru ndimaima pakhomo la situdiyo, iwo n'kukweza manja ndisanalankhule. Zimene ndimaomba m'maukwati ndi manja anga chabe akuyerekeza. Injini yeniyeni, ndi mayi uja wa mgaiwa, zikadali m'tauni pa shelefu ya munthu. A Injiniya akudziwa, msuweni akudziwa: ndikuwadaibe mphindi zisanu ndi zitatu.