Mono wa Mayi Esinala pa Pampu ya Kampani

Mayi Esinala a kwa Mlolo manja awo sadziwa kupuma. Anawoloka kuchokera ku Mozambique ali kamtsikana nthawi ya nkhondo, ndipo bambo awo anawaphunzitsa kuluka mono, dengu lija lokolera nsomba. Koma iwo mtima wawo unali kudimba.

Chaka chatha kampani ina ya ku Blantyre inapereka mapampu oyendera dzuwa kwa alimi khumi, kuphatikizapo Mayi Esinala, kuti awayese. Lamulo linali limodzi: wosinthapo kanthu alandidwa. Mwezi usanathe mapampu anayamba kutsamwa, poti madzi athu kuno ndi a matope, udzu ndi namasupuni. Chimanga cha anthu chinafota. Cha Mayi Esinala chokha chinali biriwiri! Mwakachetechete anali ataluka kamono kothithikana n'kuveka kukamwa kwa paipi yokoka madzi.

Ndiye kunamveka kuti a kampani akubwera. Mayi Esinala anachita mantha, poti chimanga chinali chitangomasula, ndipo pampu ikanapita chikanapsa chonse. Anathamangira kudambo, n'kuvula mono uja, n'kuubisa m'bango.

Wa kampani amene anafika anali injiniya wachitsikana dzina lake Anita, kope lili m'manja.

"Mayi, mapampu onse aima, yanu yokha ndiyo ikugwira. Tayatsani tione."

Anayatsa. Pampu inalavula madzi pang'ono, n'kukhosomola kawiri, kenaka zii. Ine ndinali pompo, ndipo manyazi anandigwira m'malo mwawo.

Anita anazula paipi, n'kuona luzi lotsalira. "Panali chiyani apa, mayi?"

"Palibe, mwanangu."

"Nanga chimangachi chimamwa chiyani?"

Bodza Mayi Esinala salitha. Analowa m'bango n'kutulutsa mono uja. "Ndinalakwa ine. Koma chonde musandilande, chimanga changa chikhwime kaye."

Anita anawerama pa paipi. Anachotsa zinyalala m'paipi, n'kuveka mono, n'kuyatsa. Madzi aja kutuluka mwamphamvu, mpaka kutinyowetsa tonse! Mtsikana anakuwa, n'kudumphira m'matope ndi nsapato zake zomwe.

"Mayi! Miyezi itatu takhala tikujambula sefa pa kompyuta, zonse zikukanika! Nzeru zitatithera, abwana anati pitani mukafunse alimi eni ake. Bango lake ndi liti? Mipatayi mumaiyeza bwanji?"

"Ndi chala chaching'onochi basi," anatero mayi, akadali ndi mantha. "Ndiye pampu simutenga?"

"Pampu ikhala. Titenga inuyo, mukaphunzitse mainjiniya athu ku Blantyre!"

Mayi Esinala anakhala pansi m'matope momwemo, kuseka misozi ikutsika. "Takhuta, takhuta!" anathokoza m'Chisena, akuwomba m'manja. Kenaka anapukuta m'maso n'kumuyang'anitsitsa Anita.

"Ku Blantyre ndipita, mwanangu. Koma tiyambe talukira timono anzanga asanu ndi anayi aja. Chimanga chawo chikufa lero."