Chaka Chomwe Tidathirira Mapazi a Bambo

Ndikukumbukira chaka chomwe makuponi a feteleza adafika koyamba m'mudzi mwathu, kufupi ndi Kapelula. Ndinali mu Sitandade 5. Kuchigayo, kumjigo, ngakhale pamaliro, nkhani inali imodzi: feteleza wokulitsa, feteleza wobereketsa, walembedwa ndani, wasiyidwa ndani. Bambo anga chaka chimenecho ankamwa mankhwala a chifuwa chachikulu. Kutsokomola kunali kutatha, masaya atayamba kubwerera, koma kudabuka vuto lina kumapazi.

Ankati mapazi akuwatentha ngati aponda phulusa lamoto, nthawi zina ngati mukuyenda nyerere mkati mwake. Tsiku lina m'tchalitchi, ulaliki uli pakati, adavula nsapato n'kuyamba kuikutumula, anthu a benchi yonse n'kukweza miyendo poganiza kuti mwalowa linthumbu. Kenaka kudabwera dzanzi. Adachoka kudambo, kunazale ya fodya, mpaka kufika pakhomo atavala patapata mmodzi, osadziwa kuti mnzake watsala m'matope.

Amayi adawakakamiza kupita kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Adabwerako ndi kathumba ka pulasitiki, muli timapiritsi toyera, tochepa ngati njere za mapira. Adokotala akuti adawauza kuti mankhwala a chifuwa aja amatha vitamini wina m'thupi, ndiye mitsempha ya kumapazi ili ndi njala, monga fodya wosathiridwa feteleza. Bambo anali munthu wamtali, woti polowa m'nyumba ankawerama. Adaika kapiritsi kamodzi pachikhatho n'kukayang'ana nthawi yaitali, kenaka adayang'ana kumapazi kwawo. Sadakhulupirire kuti kanthu kochepa chotero kangayende ulendo wonsewo kuchokera kukamwa osathera panjira.

Apa m'pamene ndidalowerera ine. Sabata yomweyo aphunzitsi a zaulimi anali atatilembetsa m'kope kuti feteleza sathira pamasamba, amathira pafupi ndi tsinde kuti mizu imupeze. Ndidanena zimenezi mokweza, monga mwana amene wakhoza mayeso. Bambo adandiyang'ana ndi maso amene ndinali ndisanawaonepo.

"Mwamumva mwanayu, aNabanda? Sukulu ndi imeneyi."

"Mankhwala ndi akumwa, aPhiri," adatero amayi, osasiya kupeta mtedza.

"Inu sukulu mudapita kale. Zinthu zidasintha."

Kuyambira mawa lake, m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, bambo ankaima osavala nsapato kuseri kwa nkhokwe, pomwe dothi linali lofewa. Ine ndinkaboola ndi kamtengo mauna awiri, una umodzi pafupi ndi chidendene chilichonse, kuyeza ndi chala monga tidaphunzirira. Piritsi ndinkaliswa ndi mano, theka uku theka uku, n'kukwirira. Kenaka ndinkathirira ndi keni ya kunazale. Fungo la dothi lonyowa ndi kuwawa kwa piritsi palilime ndimazimvabe mpaka lero. Bambo ankaima chilili, manja m'chiuno, n'kuimba nyimbo imodzi ya m'buku mavesi onse, poti ndiyo nthawi imene tidagwirizana kuti mankhwala akhala atakwera.

Nkhuku zidazindikira msanga. Bambo akangochokapo, zinkathamangira kukafukula. Tambala wathu, amene kale ankathamangitsidwa ndi abakha, adanenepa, nthenga kuchita kuwala, mpaka adayamba kulimbana ndi galu. Bambo ataona zimenezi adakondwa kwambiri. Adati umenewu ndi umboni woti mankhwalawo ndi amphamvu, kwangotsala kuti mapazi azolowere.

Padapita masabata atatu. Tsiku lina masana ndikuweruka kusukulu ndidaona madontho a magazi m'kanjira kochokera kudambo. Adandifikitsa pakhomo pathu. Ndidapeza amayi atagwada, phazi la bambo lili pamiyendo pawo, akuzula munga wa mthethe wautali ngati chala changa. Bambo anali atayenda nawo mtunda wonsewo osamva kanthu. Palibe adaseka tsiku limenelo. Mvula inali pafupi, fodya akudikira kuwokeredwa, ndipo bambo adanena motsitsa mawu kuti asiya mapiritsi onse, ndi a chifuwa omwe, chifukwa bola kutsokomola kusiyana ndi kuyenda ndi mapazi a mtembo. Ine nsima idandikanika. Ndinkadziwa kuti nzeru ija idachokera m'kope langa.

Amayi sadakangane nawo. M'mawa mwake adatulutsa njinga, n'kunena kuti tonse atatu tikupita kuchipatala, mlangizi wa zaulimi asatsale. Mlangiziyo ndinali ine.

Adokotala anali bambo wachikulire wa magalasi omanga ndi ulusi. Adatsuka bala, kenaka adafunsa ngati timapiritsi tija akumwa tsiku lililonse.

"Tikuthira, adokotala. Sitidadumphepo," adayankha bambo.

"Mukuthira pati?"

Bambo adandikodola kuti ndifotokoze. Ndidafotokoza zonse, za kamtengo, za keni, za nyimbo. Adokotala adavula magalasi, adapempha kuti tiwadikire pang'ono, n'kutuluka panja. Tidawaona pazenera atagwira mtengo wa mango, mapewa akugwedezeka. Atabwerera, maso ali ofiira, adatunga madzi m'kapu n'kuwamwetsa bambo piritsi pomwepo. Adawachenjeza kuti akasiya mankhwala a chifuwa chidzabweranso cholusa, ndipo adauza amayi kuti asamawamane mtedza, nyemba, mazira ndi usipa.

"Mizu ya munthu ili m'mimba, bambo," adatero pomaliza.

Tidauyamba ulendo wobwerera. Tili pafupi kufika kwathu bambo adaimitsa njinga, n'kunena mwachisoni kuti ngati zili choncho ndiye kuti anthu tonse tidabzalidwa chozondoka.

Kuchira kudachedwa. Kuwokera fodya tidathandizidwa ndi amalume. Koma tsiku lina, nyengo yosoka fodya m'chigafa, tidamva bambo akukuwa ngati alumidwa ndi njoka. Anali ataponda singano yosokera. Ankadumpha ndi mwendo umodzi, akutukwana singanoyo ndi mawu osayenera mkulu wa mpingo, koma nkhope ikuseka, misozi ili mbwee. Zala ziwiri za phazi lamanzere zokha ndizo sizidadzukenso.

Masiku ano ndimamva kuti odwala chifuwa ambiri amapatsidwa vitamini uja kuyambira tsiku loyamba, ndipo amauzidwa momveka kuti ndi wakumwa. Bambo adakalamba, fodya adasiya, amalima soya. Nzeru za mankhwala tsopano zimabwera pafoni, zidzukulu n'kumawawerengera: uyu akuti adyo, uyu akuti mandimu. Amamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenaka amaitana kukhitchini, "ANabanda, tabwerani mudzamve izi." Amayi akapukusa mutu, nkhani yatha. Ine ndili ndi ana atatu ndi satifiketi ya Fomu 4, koma pa nkhani za matenda kwathu sandifunsa.