Kiyi wa Kabati ya Matabuleti

Ndinadzuka tambala asanalire, msana ukuwawa ndi mphasa ya pasiwa. Amayi a kutchalitchi anali ataimba mpaka mawu kusasa, ena atagona chokhala. Panja moto unali ukuyaka kale, adzukulu akutola makasu kupita kumanda. M'bokosimo munagona achemwali anga, mphunzitsi wa pasukulu ina ya pulayimale ku Lirangwe.

Pasukulupo panabwera matabuleti ophunzitsira ana kuwerenga. Ahedi ankawatsekera m'kabati, n'kumawatulutsa pokhapokha kukabwera alendo, kuti ana awagwire pojambulitsa. Achemwali analimbana nawo mpaka kiyi wa kabatiyo anayamba kugona m'chikwama mwawo. Lachitatu lililonse akaweruka ankakhala pansi ndi aphunzitsi anzawo, kuwauza kuti tabuleti si chotsekera ana pakamwa. Yamba wadziwa pamene mwana akukakamira, kenako umupatse. Ahedi ankati kumeneko n'kudzionetsera. Achemwali atagonekedwa m'chipatala, munthu ameneyu sanapondeko phazi.

Pofika naini koloko dzuwa linali litalusa, fumbi lili koboo ndi makabaza otsitsa anthu. Ahedi anatulukira atavala suti yakuda, atanyamula nkhata yaikulu kuposa yathu ya abale. Mtima wanga unawira. Thupi lisanatuluke n'komwe m'nyumba, anandikodola kuseri kwa khitchini.

“Pepani ndi zovutazi, mayi. Kungoti mawa kukubwera alendo odzaona matabuleti. Kiyi uja ali m'chikwama cha malemu.”

“Katundu wa malemu sitigwira tisanasese,” ndinatero. “Mwambo mukuudziwa.”

Anapita kwa amalume, eni mbumba, poganiza kuti mwamuna mnzawo awamvera. Amalume anangoti kusesa ndi mkuja. Sindibisa, ndinakondwa. Ndinafuna alendowo akapeze kabati yotseka, akafunse okha chifukwa chake sukulu yonse yaima ndi imfa ya munthu mmodzi.

Tinanyamuka cha m'ma wani koloko. Bokosi patsogolo, amayi akuimba, ife abale tikukokana m'mbuyo. Kumanda anayankhula a banja, a mpingo, kenako oimira kuntchito. Ahedi anakonza tayi n'kuyamba kufotokoza mmene iwo ndi malemu ankagwirira ntchito ngati munthu ndi mlongo wake. Aphunzitsi onse anazyolika. Ndege yotera ku Chileka inadutsa pamwamba n'kumeza theka la mabodzawo, ndipo ndinaithokoza chamumtima. Dothi litayamba kugunda bokosi ndinalira, koma theka la misozi yanga linali la ukali.

Madzulo anthu anabalalika. Panatsala mapulusa, mabenchi obwereka ndi mayi mmodzi amene anatsuka mbale tsiku lonse. Anali mphunzitsi wa sitandade 2, mmodzi wa a Lachitatu aja. Analowa m'nyumba n'kugwada pafupi nane.

“Za alendo zilibe nane ntchito, achemwali,” anatero motsitsa mawu. “Koma ndili ndi ana angapo amene angoyamba kumene kulumikiza zilembo. Sabata ziwiri tsopano kabati ili chitsekere. Malemu amadamu ali pabedi m'chipatala anandiuza kuti ndisawalekerere, akazizira abwerera pomwe anachokera.”

Ndinamuyang'ana mokwiya, chifukwa ndinadziwa kuti kiyi wotsegulira anawo ndi yemweyo wopulumutsa ahedi. Mawa ajambulitsa akumwetulira, dzanja lili paphewa la mwana, achemwali anga ali m'dothi. Ndinamuuza zimenezo. Iye anangokhala chigwadire.

Ndinalowa kuchipinda. Chikwama chinali pamsomali pomwe mwini wake anachikoloweka, chikununkha choko. Chibadwire ndinali ndisanaswepo mwambo wa maliro. Ndinapisa dzanja, kutulutsa kiyi, n'kumufumbatitsa mayi uja.

“Asakagwire ndi ahedi,” ndinatero.

Amalume anali pakhonde ndipo anaona zonse. Anatsokomola, n'kutembenukira kumunda. Mayi uja atapita m'nyumba munati zii. Ndinakhala pabedi pa achemwali, chikwama chili chitsegukire pamiyendo, ndikadali wokwiya.