Dzanja la Amawotchi

Pakhonde la sitolo ya nsalu, pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa maambulera, pali tebulo lagalasi limene lakhalapo zaka makumi atatu ndi zisanu. Mwini wake anthu amangoti Amawotchi. Dzina lenileni amalidziwa ndi akazi awo, ndipo nawonso amalikumbukira akakwiya basi.

Amawotchi sukulu sanapite nayo patali, koma m'mimba mwa wotchi amadziwamo ngati m'thumba mwawo. Amatsinzina diso limodzi, linalo n'kuikapo kagalasi, kenaka ndi kambaniro n'kutola kasikuluwu kochepa ngati dzira la nsabwe. Lamulo lawo ndi limodzi, ndipo amauza aliyense, ngakhale wongofunsa njira: chitsulo sachikakamiza, chikakana kulowa wolakwa ndiwe.

Chimene sankauza munthu n'chakuti dzanja lawo lamanja linali litayamba kunjenjemera. Chinayamba ndi chala chachikulu, patapita miyezi dzanja lonse linalowa m'gulemo. Pantchito ankalipanikiza patebulo, panjira ankalibisa m'thumba. Mumtima anali atagamula kale mlandu: tsiku limene dzanjali lidzaononge chinthu cha mwini, tebulo lidzachoka pakhonde paja. Nanga munthu wa zaka zawo, wopanda pepala lililonse, akachoka pamenepo alowera kuti?

Akazi awo ndi otaipa. Anaphunzirira pa taipi yachitsulo ya muofesi, ija umaimenya ngati ukukhoma misomali, moti mpaka lero akakutsina umakumbukira machimo ako onse. Atapuma ntchito anaika kompyuta pabalaza, n'kumataipira anthu makalata ofunsira ntchito. Koma kompyutayo inali itakalamba. Ukaiyatsa umatha kukasamba, kubwerako n'kuipeza ikadayasamula. Mchimwene wa mayiwo, amene amakonza mafoni kutali, anawatumizira kachipangizo kobiriwira, kotalika ngati chipeso, kotchedwa ramu. Anati kakalowa pafupi ndi kanzake kakale, makinawo ayamba kuthamanga.

Loweruka masana mayi anakaika patebulo.

"Abambo, tandiikirani aka. M'nyumba muli mmisiri, ndikapereke kwa ena kuti anthu andiseke?"

Kukana kukanafuna chifukwa, ndipo chifukwacho n'chimene Amawotchi ankabisa. Anazula nthambo kukhoma, n'kugoneka bokosi la kompyuta pansi pa windo. Atatsegula anapeza fumbi loti ukhoza kudzalamo mbatata. Munthu wa mawotchi saona fumbi n'kulidutsa. Anachotsa ramu yakale ija, kuipukuta bwinobwino, kupemerera m'malo mwake, n'kuibwezera. Yatsopano anaikhazika pambali pake mofatsa, ngati akugoneka khanda. Zonsezi ankachita atapatsa mayi msana.

Atalumikiza nthambo n'kudina batani, fani ya m'katimo inazungulira. Sikirini inangoti bii. M'bokosi muja munamveka kulira: pii, pii, pii.

Anayang'ana nthambo ya sikirini, inali bwino. Anazimitsa, kudikira, kuyatsanso. Kulira komwe kuja. Mayi anangoimbira mchimwene wawo n'kuika foni patebulo kuti onse azimva.

"Alamu, ndamva kuti mwapha kompyuta, mlongo wanga wachiwiri," inatero foni ija.

"Sanafe, alamu. Akubuula."

"Kubuula koteroko ndiye kuti sikuiona ramu. Mwina yatsopanoyo ndi yakaleyo sizikugwirizana. Taichotsani, musiye yakale yokha."

Anachotsa, n'kuyatsa. Pii, pii, pii.

Makina amene m'mawa ankayenda, ngakhale motsimphina, tsopano sankadzuka n'komwe, ndipo palibe wina anawagwira koma Amawotchi. Anaganiza kuti mwina dzanja lija linakanda penapake osamva. Anaona m'maganizo wosoka nsapato akuwathandiza kunyamula tebulo, mayi wa maambulera akufutukula malo ake.

"Yakaleyo munaigwira?" anafunsa alamu.

"Ndinangoipukuta."

"Anthu a mawotchi inu, mukhoza kupukuta ndi mvula yomwe. Pobwezerapo inalira kuti ketye?"

"Kulira? Ine chitsulo chikalira m'manja mwanga ndiye kuti chathyoka."

"Iyi si wotchi ya akazi a bwana, alamu. Kampata kali kunsi kwakeko kalunjike pa kamzere ka m'malo mwakemo, ndiye mudinikize ndi zala zazikulu ziwiri, uku ndi uku, mpaka timapini tam'mbalito titseke tokha. Musaimvere chisoni."

Zala zazikulu ziwiri. Panalibenso kopatsira munthu msana, chifukwa mayi anali atagwada pambali pawo, akuunika ndi tochi. Amawotchi anaika lamanzere, n'kubweretsa lamanja. Poyera pomwepo dzanja linayamba kuvina, ramu n'kumagogoda m'mbali ngati mano a munthu wamalungo. Anayesa kulilimbitsa, linanyanya. Analichotsa n'kulikhazika pabondo, osalibisanso.

Mayi anazimitsa foni alamu akadalankhula. Anapatsa amuna awo tochi, n'kuika zala zawo za pataipi zija pa ramu. Ketye, ketye. Anatenga inzake, ketye, ketye. Atalumikiza nthambo n'kudina batani, makina analira kamodzi kokha, sikirini n'kuwala.

Palibe anasekerera. Amawotchi anakhala pansi pomwepo, atatsamira mpando.

"Ndiye kuti si dzanjali linaipha," anatero motsitsa mawu.

"Ayi. Chimene chinaipha ndi ulemu wanu. Koma dzanjalo likudwala, abambo."

"Mwaliona lero."

"Lero? Mabowo a mabatani a malaya anu onse ndinawakulitsa chaka chatha. Mumaganiza kuti mabatani akuwonda?"

Amawotchi anayang'ana pachifuwa pawo. Ulusi wake unali watsopanodi, bowo lililonse, kuyambira pakhosi mpaka kunsi.

"Bwanji simunanene, mayi?"

"Ndimadikira mwini dzanja. Lolemba tikupita kuchipatala, ndipo musandiuze za makasitomala."

Anapitadi. Dokotala sanawanamize: anati kunjenjemerako sikutha, koma mankhwala akhoza kukuchepetsa. Amawotchi anafunsa ngati angapitirize ntchito. Dokotala anati zimenezo adziwa okha, tsiku ndi tsiku.

Tebulo lija likadali pakhonde. Masiku ano amakonza mawotchi apakhoma, kusintha mabatire ndi malamba, ndipo dzanja limakhala pamtunda, aliyense n'kumaliona. Timawotchi ting'onoting'ono amatikulunga m'kansalu n'kupita nato kunyumba. Kumeneko Loweruka masana mayi amavala kagalasi padiso n'kugwira kambaniro, bambo ali pambali kulozera ndi lamanzere. Amakangana kwambiri, ndipo wotchi imodzi imawatengera masana onse. Mwini wake akabwera kudzatenga n'kuyamikira, Amawotchi amanena zoona.

"Muthokoze akunyumba. Ine ndinangoyang'anira."