Odi wa Agogo M'kati mwa Nyimbo

Ndikamva fungo la mafuta a nsatsi, ndimawaona agogo anga aamuna, a Namalawa, atakhala pansi pa mtengo wa peyala kwathu ku Likhubula, akupukuta chitoliro chawo cha nsungwi ndi kansanza pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda, uku utsi wa nkhuni za bulugamu wochokera kukhitchini kwa amayi ukuwatsokomoletsa, koma iwo osasuntha. Chitolirocho chinali chonenepa, chotalika ngati mkono wawo, cha mabowo asanu, ndipo chinkagona m'kabokosi ka mkungudza komwe ife ana tinaletsedwa kukakhudza. Kunena zoona, ine mawu ake sankandikomera. Ankangomveka ngati mphepo ikulowa m'botolo, ndipo nyimbo zake zinalibe poti munthu n'kuvinapo.

Pa unyamata wawo agogo ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri. Kwa zaka ziwiri ananyamulira munthu wina wa ku Japan, a Morita, amene ankayeza mitengo ya mkungudza pamwamba pa phiripo. A Morita Chichewa chawo chinkathera pa moni, agogo Chingerezi chawo chinkathera pa kugwedeza mutu, ndiye akakhala pansi kupuma panjira, mlendoyo ankatulutsa chitoliro n'kumawaphunzitsa kuliza mwa kwawo. Pobwerera kwawo anawasiyira chitolirocho. Sanasiye adiresi, sanalembepo kalata, koma agogo ankawatchula ngati munthu amene wangopita kumsika ku Nkando ndipo abwera madzulo.

Mavuto anga anayamba nditangolemba mayeso a Sitandade 8. Amalume a Fredson, amene ankagwira ntchito mu situdiyo yojambula nyimbo za malonda a pa wailesi ku Blantyre, anabwera ndi nkhani. Anati kuli kampani ina yakunja imene imasonkhanitsa nyimbo zopanda mawu, n'kumapereka chilolezo kwa opanga mafilimu kuti azizigwiritsa ntchito, ndipo ikufuna nyimbo zatsopano za chitoliro cha chikhalidwe cha ku Japan. Malamulo ake anali oti nyimboyo ikhale yopeka mwini wake, isapitirire mphindi ziwiri, ndipo pasamveke mawu a munthu ngakhale kutsokomola.

Agogo anamvetsera zonse maso ali pa chitoliro. Za malipiro sanafunse n'komwe.

"Ndiye nyimboyo ikafika ku Japan?"

"Ikhoza kufika, bambo. Opanga mafilimu ali konsekonse."

"Basi, a Morita akaimva. Adziwe kuti ndikadali moyo ndipo sindinaiwale."

Amalume anandisiyira foni yojambulira, anandionetsa podina, nati Lachisanu m'mawa ndikaipereke kwa kondakitala wa minibasi amene ankamudziwa pa Boma. Iwo anakwera minibasi, ine anandisiyira agogo.

Lolemba ndinadzuka ndi mtima wabwino. Agogo anayamba kuliza, mawu akukwera pang'onopang'ono, kenaka anakhala chete. Ndinadikira, ndinadikiranso, ndipo ndinazimitsa foni. Anandiyang'ana ngati ndawathira madzi ozizira.

"Wakuuza ndani kuti tafika? Apa m'pamathithi paja, a Morita akumanga chingwe cha nsapato."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti nyimbo imene anapeka inali njira yonse yochokera ku Likhubula kukafika ku Chambe, pamwamba pa phiri paja, ndipo paliponse pamene a Morita ankaima kupuma, nyimbo nayo inkaima. Titafika ku Chambe, foni inaonetsa mphindi khumi ndi zinayi. Ndinawakumbutsa za mphindi ziwiri zija. Anandifunsa ngati ndinamvapo za munthu amene anafika ku Chambe pa mphindi ziwiri. Tinakangana tsiku limenelo ndi lotsatira lake, ine ndikuwerenga lamulo pakapepala ka amalume, iwo akundiuza kuti amene analemba lamulolo sanakwerepo ndi chulu chomwe. Lachitatu m'pamene anagonja. Anati, "Chabwino, tikathera pa mtsinje woyamba. Koma anthu kumeneko adzati Namalawa wayamba ulesi."

Pamwamba pa zimenezi panali tambala wa amayi, amene tinachita kumuvundikira m'dengu, chigayo cha kuseri kwa tchalitchi chimene chinkangodikira ine kudina kuti chiyambe kulira, ndi chiperoni chimene chinatithamangitsira m'nyumba, momwe madontho a m'mtengo ankagogoda pamalata. Zonsezi ndikanapirira. Chimene chinandimaliza ndi moni. Ndikangodina, agogo asanaike chitoliro pakamwa, ankayamba akonza kukhosi n'kunena mokweza, posakaniza ndi moni wa Chilomwe:

"Odi kumeneko, a Morita. Mosheliwa? Ndine Namalawa wa ku Likhubula, wa chikwama chobiriwira uja. Mawondo atha, koma mpweya ulipo."

Ndinawachonderera, ndinawaonetsa kapepala, ndinawaopseza kuti ndikauza amayi. Iwo ankangoseka n'kunditchula dzina limene ankandiseka nalo chibadwire changa.

"Akazi anga, musandikalipire pa anthu. Munthu amalowa pakhomo pa eni osanena odi? Wotero ndi wakuba. Nyimbo yanga ikalowe m'nyumba ya a Morita ngati wakuba?"

Apa ndinalakwitsa. Chifukwa cha kutopa ndinati, "Nenani odi wanuyo, palibe kanthu. Amalume akadula koyambako." Agogo anasiya kuseka. Anapukuta chitoliro, anachiika m'kabokosi, ndipo tsiku limenelo sanalizenso. Ine ndinapita kukatunga madzi ndikumenyetsa chidebe m'miyala, ndikudandaula kuti anzanga ali kumtsinje kusewera, ine ndikulimbana ndi nkhalamba youma mutu.

Lachinayi masana, tsiku lomaliza, kunja kunayera, magetsi anazima ndipo chigayo chinakhala chete. Ndinadina. Agogo anaika chitoliro pakamwa popanda moni uliwonse. Analiza bwino kuposa masiku onse aja, mpaka ine wosakonda nyimbozo ndinamva ngati ndikukwera nawo. Mphindi imodzi inatha, anafika poima poyamba, ine ndikuwerenga m'mtima, ndipo ndinangoona chitoliro chikutsika pakamwa.

"Odi kumeneko, a Morita. Ndine Namalawa wa ku Likhubula."

Anakhala chete kanthawi, khutu lili tcheru, ngati munthu amene waima pakhomo.

"Agogo, mwayambanso!" ndinakuwa motero misozi ili m'maso.

Iwo anangobwezera chitoliro pakamwa n'kumaliza nyimbo yawo mpaka pa mtsinje woyamba. Atamaliza anati, "Fredson adule pamenepo tione. Akadula pakati, adula njira." Ndinawapempha kuti tibwereze, anakana, nati mpweya wa tsiku limenelo watha. Ndi mkwiyo umenewo ndinafufuta zonse zimene tinajambula masiku apitawo, moni yense wautali uja pamodzi ndi tambala, n'kusiya yomalizayo yokha. M'mawa ndinakapereka foni kwa kondakitala ndipo ndinalumbira kuti sindidzagwiranso ntchito ndi agogo.

Chimene agogo sankadziwa n'choti pa kompyuta kudula pakati n'kosavuta. Odi wawo anagwera pamalo pachete, ndipo amalume anamuchotsa pamodzi ndi kukuwa kwanga popanda kusiya chipsera. Patapita miyezi ingapo anabwera ndi fomu yoti agogo asaine, chifukwa kampani ija inali italandira nyimboyo n'kuipatsa dzina lake la Chingerezi ndi nambala. Agogo anasaina mwa chizolowezi chawo, lilime lili panja, kenaka anatembenukira kwa ine, osati kwa amalume.

"Odi wanga wapita nawo?"

Amalume anayang'ana pansi. Ine ndinati, "Wapita, agogo."

Bodza limeneli linandivutitsa zaka zinayi. Alendo akamadutsa kupita ku ofesi ya zankhalango, agogo ankaimitsa anyamata onyamula katundu n'kuwafunsa ngati pagululo pali wa ku Japan. Ndikabwera ku holide kuchokera kusekondale, ndisanatule n'chikwama chomwe, funso linali lomwelo: "Akazi anga, ayankha?" Ndinkapsa mtima, ndinkawauza kuti ku Japan n'kutali, kuti anthu kumeneko n'ngotanganidwa, kuti andisiye ndipume. Iwo ankagwedeza mutu n'kunena kuti a Morita anali munthu wochedwa ndi kale, nsapato yokha ankamanga mpaka dzuwa kusuntha. Anamwalira ndili Fomu 4, akudikirabe.

Maliro atatha, amalume anandipatsa kamemori khadi ka m'foni ija. Nyimbo yoyera ija ndi ya kampani tsopano, ndipo sitidziwa ngati inalowapo mu filimu iliyonse, kaya ku Japan kaya kwina. Ine ndinatsala ndi imene tinajambula Lachinayi lija, yosadula, ndipo ndi malo okhawo padziko pano pamene mawu a agogo akumveka. Moni wautali uja, wa chikwama chobiriwira ndi mawondo otha, ndinaufufuta ndekha ndi chala changa, ndipo chimenechi sindinadzikhululukire.

Lero ndimaphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Nkando, ndipo kabokosi ka mkungudza kali pamwamba pa kabati yanga. Chitolirocho ndimachipaka mafuta a nsatsi ngakhale sinditha kuchiliza. Nyimbo ija ndimaimvera mwa kamodzikamodzi, ndipo imandikwiyitsabe: akanangotsatira kapepala, sabata yonse ija ikanatha pa tsiku limodzi. Koma ikafika poima poyamba, agogo amanena odi wawo, n'kukhala chete kudikira, kamtsikana kopanda ulemu kaja kasanakuwe. Pa kanthawi kochepako ndimathamangira kuyankha ine, mokweza, ngakhale ana anga andiseke.

"Odini, agogo. Lowani."