Mpweya Wokana Kusanduka Madzi

Nditasiya yunivesite ku Middlesbrough, mwaulemu wonse, popanda wondithamangitsa, ndinakakhala kwa achemwali anga ku Sheffield. Iwo ankachita digiri yachitatu, ya mafuta a pansi pa nthaka, olimba ngati phula aja, ndipo aphunzitsi awo anali atawachenjeza kuti nthawi yomalizira ikutha. Kachipinda kawo kowerengera anandipatsa ine, iwo n'kusamutsira mabuku patebulo la kukhitchini. Kutchalitchi ankauza anthu kuti ndikupuma kaye. Ndinkapumadi, mwaukatswiri.

Lamlungu lililonse tikaweruka ankandiphunzitsa, ati ndisaiwale pobwerera kusukulu. Sindinawauze kuti sindidzabwererako. Ndinkangogwedeza mutu ngati mkulu wa mpingo.

Tsiku lina anatenga botolo la uchi wouma ndi chisanu, n'kuliyandikiza pakamwa pa ketulo.

"Waona? Nthunzi timaipopera pansi. Ikakhudza mafuta imasiya kutentha kwake n'kusanduka madzi, mafuta n'kuyamba kuyenda. Koma pansipo pamakhalanso mipweya ina yokana kusanduka madzi. Imangokwera pamwamba n'kukhala."

"Osagwira ntchito?"

"Osagwira ntchito."

"Ngakhale kutsuka mbale?"

Sanaseke. "Mipweyayo ikachepa ndi yabwino, ili ngati bulangete, kutentha sikuthawira m'miyala ya pamwamba. Koma ikachuluka imatchinga, nthunzi osafikanso pamafuta."

"Ndiye mumadziwa bwanji kuti yachuluka?"

"Mafuta amayamba kubwera modontha."

Ndinayang'ana patebulo. Kapu yanga ya tiyi inali itakhala pamwamba pa chaputala chawo chachinayi. Chaputala chimenecho anachiyamba ine ndisanabwere, ndipo chinali chikadali pomwepo, pakati pa shuga ndi anyezi. Ndinachotsapo kapu ija: mpweya unali utachuluka.

Sabata yomweyo ndinapeza kachipinda kwa bambo ena a kutchalitchi, kumtunda kumene basi imafika ili wefuwefu.

"Wakuthamangitsa ndani?" anafunsa achemwali nditawauza.

"Sayansi, achemwali."

"Nanga sukulu?"

"Sindibwerera."

Anakanda uchi uja ndi supuni. "Ndinkadziwa," anatero. "Ndimangofuna ndimve pakamwa pako. Lamlungu uzibwerabe, mbale zizikudikira."

Ndisanachoke ndinanyamula mabuku awo kubwezera m'kachipinda kaja. Anali olemera moti ndinapumira panjira, ine katswiri wa zopuma. Tsiku limene ankawatulutsa kuti ine ndipeze pogona, anawanyamula okha, ine ndili pasofa kusintha matchanelo a TV.